Yunivesite ya Cape Town: kutchuka kwake n'kwa ntchito kapena n'kwa mbiri yakale chabe?

Nachisale:
Moni nonse pa gulu pano. Ndikupempha nzeru kwa inu amene mukuidziwa Yunivesite ya Cape Town, ija amangoti UCT. Mng'ono wanga wapeza malo oti akachite digiri yachiwiri ya chemistry kumeneko. Thandizo lomwe wapeza ndi la fizi yokha, ndiye malo ogona, chakudya ndi thiransipoti tizisonkherana pabanja. Amalume akukana. Akuti ndi sukulu ya azungu yomwe ikungodyera dzina lakale, ndipo ndalamazo bola tigulire puloti. Ine ndikufuna ndimve zenizeni ndisanakakhale nawo pansi. Kodi kutchuka kwake kuli ndi pogwira?

Bambo a Tadala:
Achemwali, pogwira palipo. Pa mindandanda ikuluikulu ija yoyika mayunivesite pa nambala, monga ya QS ndi ya Times Higher Education, UCT imakonda kukhala patsogolo pa onse mu Africa muno, ndipo pa dziko lonse imapezeka m'gulu la 200 oyambirira. Ophunzira alipo pafupifupi 29,000. Auzeni amalume asadandaule.

Aphunzitsi a ku Dedza:
Bambo a Tadala, manambalawo ndi oona, koma amalume sangagonje nawo chifukwa funso lawo silili pamenepo. Iwo akufunsa za chiyambi cha sukuluyi, ndipo pa mbali imeneyo sakunama kwenikweni. Idayamba mu 1829 ngati South African College, sukulu ya anyamata mumzinda wa Cape Town. Idasanduka yunivesite yoima payokha mu 1918, ndipo ndalama zambiri zoyambira zidachokera kwa anthu omwe adalemera ndi migodi ya dayamondi ndi golide, a Alfred Beit ndi a Julius Wernher. Malo omwe pali nyumba zake zotchuka zija, m'tsinde mwa phiri la Devil's Peak, adali mbali ya esiteti ya Cecil Rhodes yotchedwa Groote Schuur, yomwe adaisiyira dziko pomwalira mu 1902. Sukulu idasamukirapo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920.

Tsono musaganize kuti Rhodes ndi nkhani ya ku Joni kokha. Kampani yake, British South Africa Company, ndiyo inkapatsa Harry Johnston mapaundi 10,000 pachaka kuti aziyendetsera boma la atsamunda kwathu kuno m'zaka zoyambirira. Ndipo migodi yomwe idalemeretsa anthu amenewa ndi yomwe pambuyo pake agogo athu ankakathyokerako misana pa Wenela. Ndiye mwana wathu akamakwera masitepe a sukulu imeneyo asamayende mozemba ngati wabwera kudzapempha madzi akumwa. Thukuta la kwathu lilimo m'chuma chomwe chidamanga malo amenewo.

Mngoni wa ku Chipata:
Aphunzitsi mwandikumbutsa. Holo yaikulu ya pa UCT, ya zipilala ija imaoneka pa zithunzi zonse za omaliza maphunziro, inali kutchedwa Jameson Hall. Jameson wake ndi Leander Starr Jameson, dzanja lamanja la Rhodes, yemweyo amene tauni yathu ya Chipata inatchedwa dzina lake, Fort Jameson. Dzinalo linabwera Angoni a Mpezeni atagonjetsedwa mu 1898, ndipo Nsingo, mwana wa mfumu amene anatsogolera nkhondo, anaomberedwa. Ife dzina la Jameson tinalichotsa titalandira ufulu. Iwo ku Cape Town analisunga zaka zina zambiri, ndipo mu 2018 m'pamene holo ija inatchedwa Sarah Baartman Hall. Zimenezi zimandiuza kuti malowa amasintha, koma amachita kukankhidwa.

Bambo a Tadala:
Koma abale, mwanayu akupita kukaphunzira chemistry, sakupita kukawerenga maina a maholo.

Mngoni wa ku Chipata:
Chabwino achimwene, tikambe za chemistry yomweyo, ndipo apa ndiyamikira. Munthu amene wakweza dzina la UCT pa nkhani yofufuza mankhwala ndi wa kwathu ku Zambia, Pulofesa Kelly Chibale. Anakulira ku Mpika, digiri yoyamba anaitenga pa Yunivesite ya Zambia (UNZA), ya udokotala wa maphunziro anakaitenga ku Cambridge, ndipo anafika pa UCT mu 1996. Mu 2010 anakhazikitsa H3D, likulu lofufuza mankhwala atsopano, makamaka a malungo ndi a chifuwa chachikulu. Gulu lake, pogwirizana ndi a Medicines for Malaria Venture, linapeza mankhwala a malungo otchedwa MMV390048 omwe anafika poyesedwa pa anthu. Kanali koyamba kuti mankhwala a malungo otulukiridwa ndi gulu lotsogozedwa mu Africa muno afike pamenepo. Mankhwalawo sanafike pa msika, ndipo mu ntchito imeneyi ambiri amathera m'njira. Koma labu ilipo, makina alipo, ndipo anthu odziwa kupanga mankhwala kuchokera pa chiyambi akuphunzitsidwa pomwepo. A Nachisale, ngati mng'ono wanu akupita mbali imeneyo ya chemistry, akupita pamalo oyenera.

Nachisale:
Zikomo kwambiri achimwene a ku Chipata. Za a Chibale sindimazidziwa. Mwanayu amakamba za mankhwala ochokera ku zomera, kaya zikugwirizana bwanji ndi zimenezi ndimufunsa madzulo ano.

Dokotala wa ana:
Ndilowererepo pa mbali ya zaumoyo, poti dzina la sukuluyi kunja kuno lidamangidwa kwambiri ndi chipatala chake chophunzitsira, Groote Schuur. Pa 3 December 1967 Christiaan Barnard ndi gulu lake adaika mtima wa munthu wina mwa munthu mnzake, koyamba pa dziko lonse. Wodwalayo, Louis Washkansky, adakhala ndi moyo masiku 18, n'kumwalira ndi chibayo chifukwa mankhwala oletsa thupi kukana mtima wachilendo adafooketsa chitetezo chake. Imeneyo aliyense amaidziwa.

Yomwe ine imandigwira mtima ndi ya Allan Cormack. Iye adali mphunzitsi wa physics pa UCT, ndipo mu 1956 adamupempha kuti azithandiza ku chipatala komweko pa zipangizo zowotchera khansa. Ali kumeneko adayamba kudzifunsa kuti, kodi tingadziwe bwanji za m'kati mwa thupi poona mmene cheza cha X-ray chikufookera chikamadutsa kuchokera mbali zosiyanasiyana? Masamu ake adawasindikiza mu 1963 ndi 1964 atasamukira ku America, ndipo pafupifupi palibe adawalabadira. Lero masamu amtundu umenewo ndiwo ali m'makina a CT scan, ndipo mu 1979 adalandira mphoto ya Nobel limodzi ndi Godfrey Hounsfield. Nthawi iliyonse ndikatumiza mwana wovulala m'mutu kuti akamujambule, ndimadziwa kuti funso lija lidabadwira m'chipatala cha mu Africa muno.

Za lero, pali kafukufuku wamphamvu wa chifuwa chachikulu ndi HIV. Ali ndi malo oyesera katemera wa TB ku Worcester, ndipo chipatala cha ana cha Red Cross chaphunzitsa madokotala a ana ochokera m'maiko ambiri a kuno, Amalawi ali m'gulumo, kudzera mu African Paediatric Fellowship Programme. Anthu amenewa amabwerera kwawo kukagwira ntchito. Choncho kunena kuti ndi dzina lakale lokha, ayi, pamenepo amalume alakwitsa.

Mayi Nagama:
Adokotala, mwaiwala munthu wakuda amene adachita nawo opaleshoni ya mtimayo koma adamubisa chifukwa cha tsankho. Hamilton Naki. Ankagwira ntchito ya m'maluwa. Barnard adatenga ulemu wonse.

Dokotala wa ana:
Mayi, nkhani ya a Naki ndi yofunika kuikamba bwino, chifukwa yomwe idafala si yolondola yonse. N'zoona kuti adalowa pa UCT ngati wosamalira kapinga ndi maluwa. Kenako adamutengera ku labu komwe ankayeserera maopaleshoni pa nyama, ndipo manja ake adaposa a madokotala ambiri. Ankasoka mitsempha, ankaika chiwindi cha nkhumba ina mwa inzake, ndipo madokotala ambiri achinyamata adaphunzira kugwira mpeni m'manja mwake. Barnard mwiniwake adavomereza luso lake. Mu 2003 UCT idamupatsa digiri yaulemu ya zaudokotala, ndipo adamwalira mu 2005. Atamwalira, nyuzi zina zikuluzikulu zidalemba kuti ndiye adachotsa mtima wa Denise Darvall, mtsikana yemwe mtima wake udaikidwa mwa Washkansky, usiku uja, koma pambuyo pake zidabweza mawuwo chifukwa umboni udaonetsa kuti sadali m'chipinda cha opaleshoni.

Kwa ine zoonazo n'zopweteka kuposa zokometserazo. Munthu wa luso lotere sakadaloledwa n'komwe kukhudza wodwala wachizungu, sakadaloledwa kuphunzira udokotala monga ankayenera, ndipo adapuma ntchito ndi penshoni yochepa kwambiri. Ngakhale ophunzira udokotala omwe sadali azungu, nthawi imeneyo sankaloledwa kupima odwala achizungu, ndipo mtembo wa mzungu ukamang'ambidwa ankawatulutsa. Zimenezi zinkachitika m'chipatala chomwechi chomwe dziko lonse linkachiombera m'manja.

Mayi Nagama:
Zikomo adokotala pondiongola. Koma mwangotsimikiza zomwe amalume a Nachisale akunena.

Aphunzitsi a ku Dedza:
Mwa zina inde, mayi. Anthu a UCT amanyadira kuti nthawi ya tsankho sukulu yawo inkatsutsa boma, ndipo pali choona pamenepo. T.B. Davie, yemwe adaitsogolera kuyambira 1948, adalimbikira kuti yunivesite izisankha yokha woti aphunzitse, zoti aphunzitse ndi woti aphunzire. Boma litakhazikitsa lamulo la 1959 loti munthu wakuda azipempha chilolezo kwa nduna kuti alowe m'mayunivesite a azungu, UCT idatsutsa poyera.

Koma chiyeso chenicheni chidabwera mu 1968. Khonsolo ya yunivesite idalemba ntchito Archie Mafeje, katswiri wachikuda yemwe adaphunzira pomwepo, kuti akhale mphunzitsi wamkulu wa maphunziro a chikhalidwe cha anthu. Panalibe lamulo loletsa. Boma lidangowopseza, khonsolo n'kubweza kalata ya ntchito ija. Ophunzira pafupifupi 600 adalowa m'nyumba ya maofesi ya Bremner n'kukhalamo masiku 9, koma khonsolo sidasinthe. Mafeje adakaphunzitsa kunja, ku Dar es Salaam, ku The Hague, ku Cairo, nakhala mmodzi wa akatswiri olemekezeka a Africa. Tsankho litatha adafuna kubwerera, koma sadamulandire mwaulemu woyenera. Adamwalira mu 2007, ndipo chipepeso chomwe banja lake lidalandira chidabwera mu 2008, mwiniwake ali m'manda.

Ndimaikamba nkhaniyi kwa ana a Fomu 4 pamodzi ndi ya ku Chancellor College ya 2011, pamene mkulu wa apolisi adaitanitsa a Blessings Chinsinga pa zomwe adanena m'kalasi, aphunzitsi anzawo n'kunyanyala miyezi yambiri. Yunivesite imadziwika pa tsiku lomwe boma laimba foni.

Chisomo ku Mowbray:
Ine ndili konkuno, ndikumaliza masters, ndiye ndinene za lero poti akuluakulu mwatenga zakale. Chiboliboli cha Rhodes chinachoka pa 9 April 2015, patatha mwezi umodzi wophunzira wina, Chumani Maxwele, atachithira zonyansa za m'chimbudzi. Chinatsala ndi tsinde lake lokha. Chaka chomwecho kunabuka zionetsero zokana fizi za Fees Must Fall, kenako mu 2016 ophunzira anamanga chisakasa cha malata pa kampasi posonyeza kusowa kwa malo ogona. Kuyambira pamenepo nkhani ya zomwe zimaphunzitsidwa, ndi amene akuphunzitsa, siinathe. Atsogoleri akuda akhalapo: Mamphela Ramphele anasankhidwa mu 1996, kenako Njabulo Ndebele, Mamokgethi Phakeng amene anachoka mu 2023 pakati pa mkangano waukulu wa kayendetsedwe ka sukulu, ndipo mu 2024 anabwera Mosa Moshabela. Ndipo a Nachisale, kauzeni amalume kuti Mmalawi mnzathu, Pulofesa Danwood Chirwa, yemwe digiri yake yoyamba ya malamulo ndi ya ku Yunivesite ya Malawi, anasankhidwa kukhala mkulu wa nthambi yonse ya malamulo kuno kuyambira 2019. M'kalasi mwathu muli anthu a ku Zimbabwe, Kenya, Nigeria, Lesotho. Mawu oti sukulu ya azungu sakufotokozanso zomwe munthu amaona akakwera basi ya sukulu m'mawa.

Koma ndalama, achemwali, ndalama. Fizi si vuto lalikulu kwa ife a SADC, timalipira ngati eni dziko kuwonjezerapo ya ofesi ya ophunzira akunja. Chomwe chimapha ndi lendi. Rondebosch, Mowbray, Observatory, konse pafupi ndi sukulu n'kodula, ndipo eni nyumba amafuna dipoziti musanalowe. Visa ya maphunziro imafuna medical aid ya konkuno yolipiriratu. Mapepala a kwathu angafunike kudutsa ku SAQA, bungwe la kuno loyeza masatifiketi a kunja, ndipo zimenezo ayambe lero, asadikire. Ganyu visa imalola maola 20 pa sabata, koma munthu wa mu labu nthawi imeneyo saipeza. NSFAS, thandizo la boma la kuno kwa ophunzira, ndi ya nzika zokha. Komanso June mpaka August kuno kumagwa mvula yozizira ndi mphepo, nyumba zambiri zilibe chotenthetsera, ndiye magetsi amadya ndalama.

Nachisale:
Chisomo mwandithandiza kwabasi. Nanga pamwezi munthu angakonzekere zingati?

Chisomo ku Mowbray:
Ndikulemberani kumbali, chifukwa mitengo imasintha ndipo zimatengera ngati apeza malo m'nyumba za sukulu kapena azichita lendi ndi anzake. Koma asanyamuke ndi ndalama ya miyezi iwiri n'kumati zina tizituma. Kwacha ikagwa, amene amagona ndi njala ndi iyeyo.

Katswiri wa nthaka:
Ndakhala chete kuwerenga, koma pali chinthu chimene palibe wachikhudza, ndipo kwa munthu wa masters ya sayansi ndicho chachikulu. Manambala a Bambo a Tadala aja amawerengera kwambiri kafukufuku: mapepala angati asindikizidwa, atchulidwa kangati ndi akatswiri ena, ndiponso akatswiri a kwina akuiona bwanji sukuluyo. Sayeza ngati woyang'anira kafukufuku wa mwana wanu amayankha imelo. Mphoto za Nobel nazonso tiziziona bwino. Max Theiler wa katemera wa yellow fever anangoyambira pa UCT, ntchito yomwe inamupatsa mphoto mu 1951 anaichitira ku New York. Aaron Klug anatenga masters pa UCT, koma ntchito yake yaikulu inachitikira ku England. Sukulu inawaumba, inde, koma zipatso zinakapsera kwina.

Masters ya chemistry nthawi zambiri ndi ya kafukufuku yekhayekha. Zaka ziwirizo mwanayu azikhala ndi munthu mmodzi ndi gulu lake, osati ndi yunivesite yonse. Ine yanga ndinachitira pa sukulu ina, ndipo ndinataya chaka chathunthu chifukwa ondiyang'anira anali ndi ophunzira ambiri, chaputala chimodzi chimakhala pa tebulo pawo miyezi. Ndiye mng'ono wanuyo afunse izi asanagule tikiti: womuyang'anira ndani, gulu lake lasindikiza chiyani zaka zitatu zapitazi, ophunzira ake amamaliza m'zaka zingati, ndipo ndalama ya mankhwala a mu labu ndi yoyezera zinthu pa makina ichokera kuti. Alembere wophunzira mmodzi wa m'gululo amufunse mwamseri. Afunsenso ngati gululo lili ndi kathandizo ka pamwezi, chifukwa magulu okhala ndi ndalama za kafukufuku nthawi zambiri amapatsa ophunzira awo kenakake. Mwina zomwe mukufuna kusonkherana pabanjazo zingachepe.

Bambo a Tadala:
Apa ndiye ndavomera. Koma pepala lolembedwa UCT likafika pa tebulo la olemba ntchito limalankhula lokha, zimenezo musakane.

Katswiri wa nthaka:
Sindikukana, achimwene. Limatsegula khomo, makamaka akafuna kupitiriza PhD kunja. Koma akalowa amamufunsa zomwe anachita ndi manja ake.

Mayi Nagama:
Ine nkhawa yanga ndi ina. Tisonkha, aphunzira, kenako? Abwerera? Chifukwa ambiri akapita amangotumiza zithunzi.

Dokotala wa ana:
Funso lolemera limenelo, mayi. Madokotala a ana ndidatchula aja amabwerera chifukwa pulogalamuyo idakonzedwa choncho: chipatala cha kwawo ndicho chimawatumiza, ndipo ntchito imawadikira. Wa chemistry wopita payekha alibe chingwe chotero. Akabwera kuno adzapeza kuti mankhwala a mu labu oitanitsa kunja amatenga miyezi chifukwa cha kusowa kwa ndalama zakunja, ndipo makina ena akawonongeka wokonza amachokera kutali. Sindingamuweruze akachedwa kubwerera. Chomwe ndingamulangize n'chakuti asankhe mutu wa kafukufuku wokhala ndi phazi limodzi kuno. Ngati ndi zomera za mankhwala, zikhale zomera za kwathu, atenge zilolezo zoyenera, ndipo akhale ndi mphunzitsi wa kuno ngati womuyang'anira wachiwiri. Akatero ubale wa malabu awiriwo umatsala ngakhale iye atamaliza.

Aphunzitsi a ku Dedza:
Ndiwonjezere chimodzi chomwe chimandiwawa, poti takamba za zomwe sukuluyi imasungira Africa yense. Pa 18 April 2021 moto wolusa udatsika m'phiri n'kutentha chipinda chowerengeramo cha laibulale ya Jagger, momwe munkasungidwa mabuku, timabuku, mafilimu ndi zolemba za maphunziro a Africa. Zina mwa izo zidali zosowa kwambiri, zochokera m'maiko ambiri a kuno kum'mwera. Zomwe zidali m'zipinda zapansi zambiri zidapulumuka moto koma zidanyowa ndi madzi ozimitsira, ndipo anthu ongodzipereka adapanga mzere kuzitulutsa m'makireti kwa masiku ambiri. Zolemba za ofufuza akale Bleek ndi Lloyd za chilankhulo ndi nthano za Asan zidapulumuka. Tsiku limenelo ndidaganiza za National Archives yathu ku Zomba. Ngati sukulu ya chuma chotere idapsa chonchi, zathu zija zili pa chitetezo chotani?

Chisomo ku Mowbray:
Aphunzitsi, moto umenewo anthu kuno amaukambabe. Ophunzira anawasamutsa m'nyumba zogona tsiku lomwelo, utsi uli tolo. Mbali ya sayansi ikugwira ntchito bwinobwino, a Nachisale musade nkhawa ndi zimenezo.

Nachisale:
Ndalankhula naye. Akuti womuyang'anira amudziwa kale, akhala akulemberana, koma za ndalama ya mu labu ndi kathandizo ka pamwezi sanafunse, amaopa kuoneka wadyera. Ndamuuza alembe imelo usiku uno. Za SAQA akuti anatumiza kale.

Katswiri wa nthaka:
Asaope, funso limenelo aphunzitsi amalizolowera, ndipo wofunsa amaoneka kuti akudziwa chomwe akulowa. Alembe mwachidule: kodi polojekitiyi ili ndi ndalama yake, kodi pali mwayi wophunzitsako ana a chaka choyamba mu labu kuti azilandira kenakake, ndipo kodi dipatimenti ingamulembere kalata yothandizira kupeza malo m'nyumba za sukulu. Yankho alisunge, chifukwa pofunsira visa adzafunika kuonetsa komwe ndalama yokhalira ichokere.

Mngoni wa ku Chipata:
Ayang'anenso thandizo la maphunziro la Mandela Rhodes ndi la Mastercard Foundation, zonse ziwiri zimatenga ophunzira a maiko a mu Africa ndipo zimalipira ndi zogona zomwe. Zimatseka msanga, ndiye ngati za ulendo uno zadutsa afunse dipatimenti ngati ingamusungire malo mpaka chaka chamawa.

Chisomo ku Mowbray:
Zosunga malozo zimatengera womuyang'anira ndi ndalama ya polojekiti, ena amavomera ena ayi. Aikemo funso limenelo mu imelo yomweyo. A Nachisale, ndakutumizirani mitengo ya lendi kumbali, onani.